Mutu Wachinayi Umene Ndinauchotsa

Ana anga, m'kabati ya pabalaza muli buku la chikuto chabuluu limene ndinalemba pomaliza maphunziro a mbiri yakale ku yunivesite. Nonse munaligwirapo, ndipo nonse munaona chilema chake. Pa tsamba la zam'kati palembedwa mitu isanu, koma mukatsegula mupezamo inayi yokha. Mutu wachinayi, wotchedwa "Mtsikana wa ku Mbungo," mulibemo. Iwe Aginesi unandifunsa kawiri, ndipo kawiri konse ndinanamizira mayi amene anandilembera pa kompyuta. Mayi uja sanalakwe kanthu. Mutuwo ndinauchotsa ndine, ndi manja angawa, n'chifukwa chake digiri yanga inatuluka yokhoza mokwawa pamene anthu ankayembekezera zazikulu. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinachita bwino kapena ndinapusa. Ndikufotokozerani mmene zinayendera, mwina inu muona pamene ine ndalephera kuona.

1994

Za ubwana wanga ndi zaka zimene ndinaphunzitsa ku pulaimale sindizilemba pano, mulibe chodabwitsa. Ntchito imene inandisokoneza mutu inayamba m'chaka cha 1994, pamene ananditumiza ku sekondale ya masana pafupi ndi Chipyela, pachilumba chathu cha Likoma. Satifiketi yanga inali ya pulaimale, koma aphunzitsi anali osowa, ndiye aliyense wodziwa kumanga tayi ankaoneka woyenera. Tsiku logawana maphunziro ndinachedwa, pakuti ndinkayenda wapansi kuchokera ku Mbungo, kwawo kwa amayi anu, kumene tinamanga. Pofika ndinapeza anzanga atatola kale masamu, Chingerezi ndi zaulimi. Patebulo panatsala buku limodzi lothothoka chikuto. A hedi, bambo wa kumtunda amene ankadana ndi nyanja ndipo ankangowerenga masiku oti asamutsidwe, anandikankhira bukulo nati, "Inu mutenga mbiri yakale. Ndi zinthu zoti zinachitika kale, sizisintha. Simuvutika nazo."

Bambo uja sananamepo bodza lalikulu kuposa limeneli. Chaka chimenecho boma linali litangosintha, ndipo zinthu zakale zinkasintha mofulumira kuposa zatsopano. Masamba ena a bukulo a hedi anali atawalumikiza ndi sitepula kuti asatseguke, chifukwa ankatamanda atsogoleri a boma lakale. Nditawafunsa choti ndiphunzitse m'malo mwake, anandiuza kuti ndizimvera wailesi. Buku linali lomwelo limodzi kalasi yonse, choncho ndinkakopera pabolodi, ana n'kumakopera m'makope, ndipo tikafika pa sitepula ndinkalankhula za m'mutu mwanga.

Tsiku lina mtsikana wina wa ku Khuyu, amene ndinamuphunzitsanso ku pulaimale, anakweza mkono. "Aphunzitsi, ku sitandade 8 munatiuza kuti akuluakulu aja anatiwombola. Lero mukuti ankatsekera anthu popanda mlandu. Nanga pa mayeso tidzalembe ziti?" Ndinayang'ana choko, ndinayang'ana kudenga, kenako ndinamuuza kuti akasese panja chifukwa cha mwano. Manyazi a tsiku limenelo sanandichoke. Mwanayo anafunsa funso labwino, koma tsache linagwera iyeyo. Pobwerera ku Mbungo ndinkaganiza kuti payenera kukhala buku lina lalikulu kwinakwake, lopanda sitepula, mmene zoona zonse zinalembedwa bwinobwino. Ndinatsimikiza mumtima kuti bukulo amalisunga ku yunivesite.

2001

Zinanditengera zaka zisanu ndi ziwiri kuti ndikhoze mayeso olowera ku yunivesite a anthu achikulire. Kalata itafika, amayi anu anaiwerenga ali chiimire nati, "Bambo a Aginesi, mundisiyire ana anayi ndi munda wa chinangwa kuti mukaphunzire za anthu akufa?" Komabe ndi iwo omwe anandilongedzera usipa wouma ndi ufa wa kondowole, ndipo anandiperekeza mpaka padoko. Amene anakondwa poyera anali a Barnaba, amalume awo a amayi anu, mwini mbumba. Inu aang'ono munawadziwa atakalamba, koma iwowa anaimba belu la tchalitchi chathu kwa zaka zambiri, ndipo ankanditchula kuti a Mwalimu, monga ankatchulira aphunzitsi m'masiku a mishoni. Pepala lililonse lolembedwa ankaliti chikalakala. Anandigwira dzanja nati, "Pitani a Mwalimu. Banja lopanda munthu wa chikalakala limaiwalika."

Ndinafika ku yunivesite ndili ndi zaka makumi anayi ndi zitatu. Anzanga a m'kalasi anali amsinkhu wa Aginesi, ankanditchula kuti madala, ndipo poyamba ankandiimirira pakhomo poganiza kuti ndine mphunzitsi. Chaka chachiwiri anatiuza kuti aliyense asankhe phunziro limodzi loti azamemo. Achinyamata ambiri anathawira ku maphunziro amene amati ali ndi ntchito. Ine sindinachedwe, ndinasankha mbiri yakale, poti buku langa lalikulu lija ndinali ndisanalipeze. M'laibulale ndinapezamo mabuku ambiri ndithu, ena ong'ambidwa masamba ndi ophunzira anzathu, koma lililonse linkatsutsa linzake. Ukawerenga limodzi n'kukhutira, lachiwiri linkakuuza kuti woyambayo sanafufuze bwino. Walira mvula walira matope.

Mphunzitsi wathu wamkulu tinkamutcha a Umboni, chifukwa chilichonse chimene unganene ankayankha kuti, "Umboni uli kuti?" Anali munthu wowonda, wosaseka, wovala malaya awiri okha mosinthasintha. Atamva kuti ndine wa ku Likoma anandiimiritsa pamaso pa ana onse aja.

"Bambo, tchalitchi chachikulu chija cha kwanu anamanga ndani?"

"Azungu a mishoni," ndinayankha monyadira, poti funso limeneli ndinkalifunsanso ana a kusukulu kwanga.

"Miyala ankasenza okha?"

"Ayi, ankasenza ndi makolo athu."

"Anali ndani mayina awo? Tchulani atatu."

Mayina a mabishopu ndinkawadziwa pamtima motsatana, pamodzi ndi matenda amene anafa nawo. Koma wosenza mwala sindinkamudziwa ngakhale mmodzi, chonsecho ndinabatizidwira momwemo. A Umboni anangoti, "Khalani pansi. Muli ndi zaka zitatu zoti mupeze mmodzi." Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kufunafuna buku lalikulu, koma musaganize kuti ndinapeza mtendere. Ndinabwera kudzafuna mayankho, ndipo ankandilanda ngakhale ochepa amene ndinabwera nawo. Chimene ndinaphunzira bwino ndi lamulo lawo limodzi: ukalemba chinthu, m'munsi mwa tsamba ulembe amene anakuuza, mudzi wake ndi nthawi imene anakuuzira. Mawu opanda mwini wake iwo ankawatcha mphekesera.

2004

M'chaka chomaliza aliyense ankayenera kuchita kafukufuku wakewake n'kulemba kabuku. Ine ndinasankha za anthu wamba a pa Likoma m'masiku oyamba a mishoni. Anandibwereka kawailesi kojambulira mawu, ndinagula makaseti ndi mabatire, ndipo ndinakwera sitima kubwerera kwathu. Ndinkaganiza kuti ntchito ikhala yosavuta poti ndine mwana wa pompano. Ndinayenda Khuyu, Chipyela ndi midzi ina, koma nkhalamba iliyonse ikaona kawailesi inkakhosomola, n'kuwongola kolala, n'kuyamba ulaliki womwewo umene tonse tinaumva ku Sande sukulu. Makaseti asanu anadzaza ndi nkhani imodzi.

Nditasowa chochita ndinapempha a padiri kuti andionetse mabuku akale a ubatizo. M'mabukumo muli malo a dzina la wobatizidwa, mudzi wake, ndi mayina a makolo ake. Ndikutsegula masamba ndinaona kuti anthu ena malo a makolo anali opanda kanthu. Mmodzi wa iwo anali mayi wa ku Mbungo, wobatizidwa ali wamkulu kale, dzina lake Lusiya. Dzinali ndinkalidziwa. Anali agogo awo a a Barnaba, kholo limene mbumba yonse ya amayi anu inachokerako. Ndinadabwa, chifukwa banja limeneli limadziwika kuti ndi la eni nthaka, anthu amene azungu anawapeza ali kale pachilumba. Amayi anu akapsa mtima ankandikumbutsa zimenezi. Nanga mwana wa eni nthaka angasowe bwanji dzina la mayi ake?

M'mawa mwake ndinapita kwa a Barnaba. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yawo, akusoka ukonde wa chilimira wong'ambika. Ndinayatsa kawailesi n'kuwafunsa za mpata uja wa m'buku. Anasiya kusoka.

"Zimitsani kanthu kanuko, a Mwalimu."

Ndinazimitsa. Sanayambe kulankhula. Maso awo anali pa thumba la malaya anga, pamene panali bolopeni. Ine ndinaganiza kuti akukayika ngati andiuze kapena ayi. Kuti ndisangokhala manja lende ndinatulutsa kope n'kuliika pabondo, ndipo pomwepo anayamba.

Anati agogo awo a Lusiya sanabadwire pachilumba pano. Anagwidwa ali kamtsikana kudziko lina lakutali, kumadzulo kwa nyanja, ndi anthu ogula akapolo. Anawaolotsa pa chombo kupita tsidya la ku Kobwe, koma atafika kumeneko mwendo unatupa ndi chilonda moti sakanatha kuyenda ulendo wa kunyanja yamchere. Amalondawo sanafune kusenza katundu wodwala. Bambo wina wa ku Mbungo, amene anapita kukasinthanitsa nsomba, anamutenga mwanayo popereka madengu awiri a utaka wouma. Anakulira pakhomo pa bamboyo akuviika chinangwa ndi kutunga madzi, ndipo atakula anakwatiwa ndi mphwake wa mwini nyumba. Pobatizidwa anamufunsa dzina la mayi ake, iye anangolira, ndiye wolemba anasiya mpata.

"Ine ndinkawatsogolera kumunda maso atasiya kuona," anatero a Barnaba. "Pakhosi apa anali ndi chipsera cha goli. Tsiku lina anandikhazika pamwala nati, iwe Barnaba, Lusiya ndi jina la m'maji a ubatizo. Jina limene amayi anga ankandiitanira ndi lina, ndipo pachilumba pano palibe analitchulapo. Anandiuza. Anati ndilibwereze mpaka ndilidziwe."

Ananditchulira dzinalo katatu, ndipo anandiuza kuti nanenso ndilibwereze. Misozi inkatsika m'masaya mwawo osaipukuta. Ankalankhula pang'onopang'ono, akanena mawu angapo n'kuima, akanena n'kuima. Ine ndinkati ndi chisoni chikuwatsamwitsa. Ndinkalemba mobisa ngati wakuba, dzanja lina litaphimba kope, ndikudziuza kuti nkhalamba yandipatsa chinsinsi ndipo ine ndikuchiba. Atamaliza anatola singano yawo napitiriza kusoka. Sindinawafunse kalikonse, ndinangothokoza n'kunyamuka. Amayi anunso sindinawauze.

2005

Nditabwerera ku yunivesite ndinalemba nkhaniyo ngati mutu wachinayi, ndipo sindinalembepo chinthu chabwino chotero chiyambire. Dzina la mtsikanayo ndinaliika, koma banja lake ndinalibisa, ndipo m'munsi mwa tsamba ndinangoti ndinamva kwa nkhalamba ina. A Umboni anandiitanitsa ku ofesi kwawo. Kanali koyamba kuwaona akumwetulira.

"Bambo, zaka zonsezi ophunzira amandibweretsera zimene azungu analemba kale. Inu mwandibweretsera munthu. Mutu uwu ukhoza kukutengerani ku maphunziro apamwamba, ndipo ine ndidzakulemberani kalata ndi dzanja langa. Koma nkhalamba ina ndiye ndani? Kaseti yake ili kuti?"

"Anandiuza kuti ndizimitse."

"Ndiye mulembe dzina lake, mudzi wake ndi nthawi, komanso dzina la ubatizo la mayiyu kuti wina akathe kuliona m'buku la tchalitchi. Kupanda apo iyi si mbiri, ndi nthano."

"Ndi apongozi anga. Mayiyu ndi kholo la ana anga."

"Ndiye muli ndi mwayi. Ena amayenda chaka chathunthu osapeza umboni, inu mukudya nawo mbale imodzi."

Ndinatuluka mutu uli balala. Iwo sankadziwa Likoma. Kwathu ngakhale msodzi amayamba wawerenga nyuzipepala yokulungira sopo asanaitaye. Mabuku athu ankaikidwa m'laibulale, ndipo pa yunivesitepo panali ana ena a pachilumba. Mmodzi anali msuweni wa mnyamata wa ku Khuyu amene ankafunsira iwe Aginesi, ndipo chinkhoswe chako chinali chitakonzedwa kale kuti chidzachitike mu Ogasiti. Ndinkadziwa kuti bukulo likangolowa m'laibulale, nkhani yake ikwera sitima yotsatira. Mawu oti kapolo ndi oipa kwathu. Anthu sawatchula, koma akawatchula pa iwe sachoka.

Ndinatumiza uthenga kuti amayi anu akadikire foni ku Chipyela tsiku Lachitatu masana. Foniyo inkadukaduka. Ndinawafotokozera zonse mwachidule.

"Bambo a Aginesi, apongozi ake a mwanayu mukuwadziwa pakamwa pawo. Mukufuna mwana wanga akalowe m'banja la eni ake atasenza buku lonena kuti ndi mdzukulu wa munthu wogulidwa ndi utaka?"

"Kodi inu nkhaniyi mumaidziwa?"

"Sindinakufunseni zimenezo."

"Mwina ndiwafunse kaye amalume."

"Nkhalamba inakuuzani kuti muzimitse kawailesi. Mukufuna ikuuzeninso chiyani?"

Mawu amenewo anandikwanira, kapena ndinene kuti ndinafuna kuti andikwanire. Ndinkadzikhululukira kuti sitima imapita kamodzi pa sabata, kuti ku Mbungo kulibe foni, kuti masiku operekera bukulo atsala ochepa. Zonsezo zinali zoona. Koma amayi anu akanatha kuyenda kukawafunsa amalume awo tsiku lomwelo, ine n'kuimbanso m'mawa mwake. Sindinawapemphe. Ndinkaopa kuti nkhalamba idziwa kuti ndinalemba mawu ake mobisa. Masiku atatu ndinayenda ndi masamba aja m'chikwama, ndikuwawerenga, ndikuwabweza. Ndikaganiza za mtsikana wa chilonda uja ndinkati ndilemba zonse. Ndikaganiza za iwe Aginesi utavala chitenje cha chinkhoswe, anthu akunong'onezana kumbuyo, ndinkati ayi. Sindinaonepo ngati ndikusankha pakati pa chabwino ndi choipa. Onse awiri anali ana a nyumba imodzi.

Tsiku lachinayi, ndili pamzere kumene ankamata zikuto, ndinasolola masamba khumi ndi asanu ndi awiri n'kuwapinda m'thumba. Za tsamba la zam'kati sindinaziganizire n'komwe. Masana omwewo ndinatentha masambawo padzala la kuseri kwa malo ogona, pamodzi ndi kope lija. A Umboni atalandira bukulo anatsegula, anafufuza, kenako anavula magalasi.

"Mtsikana uja ali kuti?"

"Ndamuchotsa."

"Anamuchotsa kwawo, anamuchotsa m'buku la ubatizo, lero mwamuchotsanso inu. Chabwino. Zimene zatsalazi ndi ulaliki, ndipo ndizichonga ngati ulaliki."

Sanandilankhulenso mpaka tsiku lolandira digiri. Ndinabwerera ku sekondale yanga yomwe ija, chinkhoswe chinachitika, ukwati unadalitsidwa m'tchalitchi, ndipo ndinavina mpaka nsapato inang'ambika. Ndinadziuza kuti ndagula mtendere wa mwana wanga ndi masamba ochepa chabe, ndipo mtengo wake sunali woipa.

2009

Zaka zinayi ndinaphunzitsa mwabata. Ana akandifunsa funso lovuta sindinkawapatsanso tsache, ndinkawafunsa kuti umboni uli kuti, ndipo nawonso anandipatsa dzina lomwelo. A Barnaba ndinkawaona Lamulungu lililonse, koma nkhani ija sindinkaiyandikira. Nthawi zina ankandifunsa kuti, "Chikalakala chija chinatuluka?" Ine ndinkati chinatuluka, n'kusintha nkhani msanga, poganiza kuti akufuna kudziwa ngati ndinawaulula.

M'nyengo ya mphepo ya mwera ya chaka cha 2009 anadwala kwambiri. Tsiku lina m'mawa anatuma uthenga kuti ndipite ndi buku langa. Ndinawapeza atagona pamphasa pakhonde, atafunda bulangete, maso atachita khungu ngati agogo awo aja. Analipapasa bukulo chikuto chonse, naliyeza kulemera kwake m'manja, ndipo anaoneka wokhutira.

"Tsegulani pamene pali agogo, a Mwalimu. Mundiwerengere jina lija ndilimve likuchokera m'chikalakala."

Ndikanatha kunama. Sankaona, ndipo nkhaniyo ndinkaidziwa pamtima. Ndinatsegula bukulo pakati, ndinakonza kukhosi, koma ndinalitseka n'kuliikanso m'manja mwawo.

"Mulibemo, amalume. Ndinachotsa."

"Anakukanizani azungu a kusukuluko?"

"Ayi. Ndinkati ndi chinsinsi chanu. Munandiuza kuti ndizimitse kawailesi."

Anaseka kuseka kopanda mphamvu kumene kunathera m'chifuwa. "Kawailesi! Ndikanalola bwanji kuti ana a kumtunda azimvera nkhalamba ikulira, n'kumabwereza, n'kumaseka? Komanso kaseti imafa ndi dzuwa. Ine ndinkafuna inki. Simunaone kuti ndinadikira mpaka mutulutse cholembera? Simunaone kuti ndinkaima kuti mumalize kulemba?"

"Ndinkaopa za ukwati wa Aginesi. A ku Khuyu akanamva kuti..."

"Akanamva chiyani chimene sakuchidziwa? Zoti agogo anabwera ndi goli, Mbungo yense akudziwa. A ku Khuyu akudziwa, ndipo nawonso ali ndi wawo amene anabwera chimodzimodzi. Chimene anthu sadziwa ndi jina. Linatsala ndi ine ndekha. Ndinadikira zaka zonsezi kuti m'banja mulowe munthu wa chikalakala." Anandibwezera bukulo osakwiya, ndipo kusakwiyako ndi kumene kunandipweteka. "Mukanangofunsa, a Mwalimu."

Safunsa anadya phula. Ine amene ndinakhala zaka zinayi ndikuphunzira kufunsa anthu mafunso, ndinalephera kufunsa funso limodzi kwa munthu wokhala nyumba zisanu kuchokera pakhomo panga. Ndinawalonjeza kuti ndidzalemba. Anangogwedeza mutu, ndipo sindidziwa ngati anandikhulupirira. Anamwalira patapita masabata atatu.

Maliro atatha ndinawafotokozera amayi anu zonse, ndili ndi mkwiyo ndithu, poti ndinkaona ngati anandisocheretsa ndi iwo. Anandimvetsera akusenda chinangwa, osakweza mutu.

"Amalume ananena zoona, anthu amadziwa," anatero. "Inenso ndinadziwa ndili mtsikana. Koma chimene anthu amachidziwa ndi pakamwa amachilambalala ngati mwala wa m'njira. Chikalowa m'buku, wina amachiwerenga mokweza, ndipo a ku Khuyu akanakakamizika kuchitapo kanthu kuti asasekedwe. Mukanalemba, ukwati uja sukanachitika."

"Ndiye analondola ndani, inu kapena amalume?"

"Amene anapita ku yunivesite ndi inu."

Funso limenelo ndakhala nalo mpaka kupuma ntchito, ndipo yankho lake sindinalipeze. Masiku ena ndimaona zidzukulu zanga za ku Khuyu zikusewera pabwalo, n'kunena kuti ndinachita bwino. Masiku ena ndimakumbukira manja a nkhalamba akupapasa chikuto cha buku lopanda kanthu, n'kudziona ngati wachabechabe. Lonjezo lija nalonso ndinalizengereza zaka zonsezi, ndikuti ndilemba mawa. Posachedwapa ndinadzidzimuka nditaiwala dzina la mnzanga amene ndinaphunzitsa naye zaka khumi, ndipo ndinachita mantha, chifukwa tsopano amene watsala ndi dzina lija ndine ndekha.

Lero m'mawa ndawawerengera amayi anu masamba onsewa. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Aginesi ali ndi ana atatu, palibe angamubweze. Lembani. Koma mulembe monga anakuphunzitsirani, asadzanene kuti ndi mphekesera."

Ndiye tamverani, ana anga, ndipo mulibwereze katatu monga anandibwerezetsa ine. Kholo lanu limene m'buku la tchalitchi linalembedwa kuti Lusiya, lopanda mayi lopanda bambo, linali ndi mayi, ndipo mayiyo ankaliitana kuti Kalunde.

Anandiuza ndi a Barnaba, mdzukulu wake, ku Mbungo, pansi pa mtengo wa mango, m'mwezi wa Okutobala 2004.